Mzere Wofiira wa Azakhali

Dzina lakuti Chidule sanalitole kusukulu kapena kubwalo la mpira. Anamupatsa ndi azakhali ake enieni, amene anamulera bambo ake atamwalira, chifukwa mwanayo ukamutuma kugolosale ankadutsa pampanda wa eni ake, ndipo ukamuuza kuti atsuke mbale ankatsuka zapamwamba zokha, zinazo n'kuzivundikira ndi nsalu. Atakula khalidwelo silinamuchoke, koma linamupezera ntchito. Ankalemba mapulogalamu a pafoni, ndipo kwa iye ntchito imeneyi inali yosavuta kuimvetsa: upeze chimene chimatopetsa anthu, uchidulire njira, iwo akulipire. Azakhali ankati sanaganizepo kuti ulesi ungadzamudyetse munthu, koma dziko lasintha.

Azakhaliwo anali akauntanti. Ofesi yawo inali chipinda chimodzi pamwamba pa sitolo ya penti ndi misomali, ndipo masitepe okwerera kumeneko anali opanikiza moti mukakumanapo awiri, wina ankayenera kubwerera. M'chipindamo munali tebulo, ketulo, kabati yachitsulo yosatseguka pokhapokha uimenye ndi bondo, ndi benchi lalitali lotsamira khoma. Pabenchipo ndi pamene pankakhala anthu awo, eni timabizinesi ta mumsewu umenewo: wometa, telala, wowotcherera zitsulo, mayi wa sitolo ya nsapato ndi ena otero, aliyense atafungatira kabuku kake ndi jumbo la malisiti. Azakhali ankawakonzera mabuku, kuwalongosolera za msonkho, ndi kuwakalipira. Kukalipirako kunali kwaulere, ndipo palibe ankatsika osalandirako.

Mu ofesimo munali lamulo limodzi lomwe ngakhale ana a anthuwo ankalidziwa: labala wofufutira salowa. Munthu akalemba zolakwika, Azakhali ankatenga rula ndi bolopeni yofiira n'kudula mzere umodzi wowongoka pa cholakwikacho, koma choti chiziwerengekabe. Kenako ankalemba cholondola m'munsi mwake, n'kusaina pambali. Ankati buku loyera kwambiri ndi buku labodza, chifukwa palibe munthu amagulitsa mwezi wathunthu osaphonya. Mizere yawo inali yowongoka mochititsa nsanje, ndipo iwo eni ankainyadira kuposa satifiketi yomwe inali pakhoma.

Ndiye dzanja lamanja linayamba kunjenjemera. Linayambira pa kapu ya tiyi, pamene munthu ukhoza kunamizira kutentha, kenako linafika pa rula, ndipo mzere unayamba kutuluka wokhotakhota. Pakompyuta zinali chimodzimodzi: akati adine nambala imodzi, chala chinkadina ziwiri. Dokotala anawauza kuti matendawo sapha munthu koma sachokanso, n'kuwapatsa mankhwala ongochepetsa. Mwana wawo mmodzi yekhayo, namwino amene ankagwira ntchito mumzinda wina, atamva anagamula nkhani pafoni pomwepo. Pangano la lendi ya ofesi linkatha kumapeto kwa chaka. Asalionjezerenso, atseke, akakhale kwa iye azikasewera ndi zidzukulu. Sankanena mwankhanza ayi. Ankaopa masitepe aja, komanso ankawadziwa mayi ake kuti sangadandaule ngakhale zitavuta bwanji.

Azakhali sanavomere, sanakane. Koma tsiku lina masana Chidule atakwera kukawaona anapeza chitseko chokhoma, chinthu chimene sichinachitikepo. Atamutsegulira anaona dengu la zinyalala litadzaza mapepala okwinyakwinya, lililonse lili ndi mizere yofiira kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mayi wamkulu anali atadzitsekera kuti ayeserere kudula mzere ngati mwana woyamba kumene sukulu. Chidule anagwidwa chisoni chimene sanachiyembekezere, ndipo anadziwa kuti kuwachotsa m'chipinda chimenechi kunali kuwaika m'manda akupuma. Poti pakamwa pake pankathamanga kuposa mutu, analonjeza pomwepo kuti awalembera pulogalamu yoti azigwira ntchito yonse osagwira bolopeni.

Namwino atamva anaseka mpaka kutsokomola. "Asuweni," anatero pafonipo, "inu amene munamasula njinga yanga n'kuisiya chomwecho mpaka lero? Chabwino. Pangano likamatha ndidzabwera ndi makatoni. Ndikadzapeza amayi akugwira ntchito osavutika, ndidzabwerera nawo makatoni angawo. Apo ayi, inuyo ndi amene mudzawasenze potsika." Chidule anati wamva, koma njingayo inali yakutha kale.

Anasamutsira laputopu yake pakona ya ofesiyo, pakati pa kabati ndi zenera, ndipo tinene zoona, anagwira ntchito ngati si Chidule. Nzeru yake inali yoti mwini bizinesi azilemba yekha pafoni chimene wagulitsa ndi chimene wagula, kapena azingojambula lisiti, ndipo zonsezo zizifika kwa Azakhali pa tabuleti, foni yaikulu ngati buku, m'zilembo zikuluzikulu ndi mabatani otakata oti chala chonjenjemera sichingawaphonye. Anayenda mumsewu monse kuyesa. Foni ya wometa inali yosweka galasi pakona, ndiye anasuntha mabatani onse ofunika kuwachotsa pakonapo. M'shedi ya wowotcherera netiweki inkalowa mwa apo ndi apo, ndiye anaikonza pulogalamuyo kuti izisunga zolembedwa n'kuzitumiza yokha netiweki ikabwera. Telala ankadana ndi mawu akuluakulu a m'mabuku, ndiye anawachotsa onse n'kusiya awiri okha: zolowa ndi zotuluka.

Tsiku loyamba kuigwiritsa ntchito, Azakhali anaigwira tabuletiyo ndi manja awiri, ataitalikitsa ngati iwaluma. Chidule anaimbira mayi wa nsapato kuti alembe kanthu ali kusitolo kwake, ndipo posakhalitsa chinatulukira pagalasi chokha, zilembo zake zoti ukhoza kuziwerenga uli pakhomo. Azakhali anadina batani lovomereza, chala chinagwedera koma sichinaphonye. Anadinanso china, osaphonyanso. Anaseka chiseko chimene Chidule anali asanachimve kuyambira pamene dzanja linayamba, n'kunena kuti kusukulu kuja sanataye ndalama pachabe.

Dandaulo lalikulu linabwera mlungu woyamba womwewo. Wina anadina ziro wowonjezera, wina analemba nsapato zomwezo kawiri, wina mwana wake anaseweretsa foni, ndipo onse ankafunsa chimodzi: tichotsa bwanji? Kwa munthu wolemba mapulogalamu funso limeneli si funso. Iwo amafufuta tsiku lonse. Ukalakwitsa umabwerera mmbuyo, cholakwikacho n'kutha ngati sichinakhalepo, ndipo pulogalamu yopanda pofufutira amaiyesa yosamalizidwa. Chidule anaika kabatani kokhala ndi chithunzi cha bini pambali pa cholembedwa chilichonse, ntchito ya masana amodzi. Sanawauze Azakhali. Sikuti ankabisa, sanaone kuti ndi nkhani yoti n'kuuza munthu, ngakhale anakulira m'nyumba imene labala ankatayidwa pazenera. Pa tabuleti ya Azakhali kabiniko sikankaoneka, chifukwa iwo sankalemba kanthu.

Kabiniko anthu anakakonda. Madandaulo anatha, pulogalamu inafalikira mpaka misewu ina, ndipo akauntanti wina wa kuseri kwa msika anatumiza uthenga wofunsa mtengo wake. Chidule anagula nsapato zatsopano, ndipo foni ya msuweni wake anayamba kumaiyankha ikangolira kamodzi.

Chimene sanachione msanga n'chakuti benchi linayamba kuzizira. Anthu sanasiye kubwera tsiku limodzi ayi, anangochepa pang'onopang'ono mpaka pabenchipo panatsala nyuzipepala yakale. Mabuku ankafika pa tabuleti ali oyera, olongosoka, opanda poti n'kufunsa. Azakhali ankawaona, kudina batani lovomereza, ndipo dzuwa lisanafike pamutu ntchito inali itatha. Ankadzaza ketulo monga mwa masiku onse, madzi n'kuwira, n'kuzizira, madzulo n'kuwathirira kaduwa ka pazenera. Akamva mapazi pamasitepe ankakonza magalasi, koma kawirikawiri anali wa sitolo ya penti akudzabwereka chaja ya foni. Sanadandaule. Ankamuyamikira Chidule pamaso pa aliyense, ndipo kuyamikirako kunali kochokera pansi pa mtima.

Ndiye tsiku lina anamuuza kuti amuimbire msuweni wake, abwere ndi makatoni aja. Chidule anaganiza kuti sanamve bwino. Anafunsa ngati dzanja lawonjeza, ngati zilembo zachepa, ngati pali batani lowavuta.

"Palibe chovuta, mwana wa achimwene," anatero Azakhali. "Chinthu chakochi n'chabwino. Chandionetsa kuti pano sindikufunikanso. Ndizilipiriranji lendi yoti ndizidinira batani limodzi? Limenelo ndikhoza kukadina ndili pakhonde kwa mwana wanga."

Mutu wa Chidule unaima. Anali atachita zonse zimene analonjeza, koma ofesi inkatsekedwabe, tsopano ndi dzanja lake lomwe. Poti nyani sasiya kukwera, anayamba wafuna njira yachidule: anatumiza uthenga ku mafoni onse woti akauntanti wanu wakusowani. M'mawa mwake anthu angapo anakweradi, atanyamula malalanje ndi nthochi. Anakhala pabenchi mwaulemu, manja ali pamaondo, akuyankhula motsitsa, maso akuthawa dzanja lija, ndipo potsanzika anati Mulungu awakhudze. Azakhali anawathokoza onse bwinobwino. Womaliza atatsika, anamuuza Chidule kuti akadzachitanso zimenezi adzamudula makutu ngakhale ndi dzanja lonjenjemeralo, chifukwa iwo sanafe.

Posowa pogwira, anachita zimene anthu a makompyuta amachita akathedwa nzeru: anatsegula laputopu kuti awaonetse mmene pulogalamuyo ikuyendera, mwina angasinthe maganizo. Anawaonetsa kuchuluka kwa anthu olowamo tsiku lililonse, nthawi imene amakonda kulowa, ndi batani limene amalidina kwambiri. Pamwamba pa onse panali kabini. Azakhali anafunsa kuti kameneko n'kachiyani, ndipo iye anawaonetsa: analemba chinthu, anadina, chinthucho chinasowa.

"Chapita kuti?"

"Sichipita kulikonse, Azakhali. Chimangotha."

Azakhali anayang'ana pamene panali chinthucho kwa kanthawi, kenako anayang'ana benchi. Sanakalipe, ndipo zimenezi ndi zimene zinamuopsa Chidule. Anangoti, "Oo," n'kuyamba kupukuta magalasi omwe anali oyera kale.

Chidule anatsika asakudziwa kolowera, ndipo mapazi anamufikitsa kwa wometa ngakhale tsitsi linali lisanakule. Ali pampando, nsalu ili m'khosi, anaona pagalasi wometayo akutenga foni, kulemba kanthu, kukwinya nkhope, n'kudina kabini. Analembanso, n'kudinanso. Chidule anamufunsa kuti akulimbana ndi chiyani. Wometa anati wagula makina atsopano ometera, koma sakudziwa ngati awalembe pamodzi ndi sopo ndi malezala, poti makina si chinthu chotha mwezi umodzi, komanso mbali ina ya mtengo wake anaitenga m'thumba mwake, osati mu bizinesi. Ndiye wangoona kuti bola asalembe. Chidule anafunsa kuti bwanji osakwera kukafunsa, poti masitepe ake ndi awo ali apowa.

"Kale ndikanakwera," anatero wometa, akumupendeketsa mutu ndi chala. "Ndikanalemba zolakwika, mayi aja akanandisambitsa ndi mawu, akanadula mzere wawo, ine n'kutsika nditaphunzira. Koma pano ndikwere ndi chiyani? Kumtunda kuja timakwera ndi zolakwa, achimwene. Ukakhala ulibe cholakwa umangooneka ngati wapita kukazonda wodwala, ndipo mwaona nokha kuti mayi aja safuna kuzondedwa."

Kwa telala anapeza zomwezo. Kasitomala wina anabweza diresi, ndipo telala anangofufuta malondawo ngati diresilo silinasokedwepo, nsalu yake sinagulidwe, ulusi sunathe. Wowotcherera ankafufuta chilichonse chimene chinkamuchititsa manyazi, ndipo zoterezo anali nazo zambiri. Palibe ankaba kapena kunama mwadala. Aliyense ankangotaya chimene sankachimvetsa, ndipo dzala lotayamo anawakumbira ndi Chidule. Mabuku aja anali oyera chifukwa zambiri zochitika mu bizinesi sizinkafikamo, ndipo nthawi ya msonkho ikanakwana onsewo akanalira. Iye ankayesa kuti ntchito ya Azakhali ndi kulemba manambala, ndiye anawapeputsa kulembako. Koma ntchito yawo yeniyeni inali kuwerenga zolakwa za anthu, ndipo zimenezo ndi zimene iye ankazitaya zisanawafike.

M'mawa mwake anafika laputopu ili yotseka. Anakhala pabenchi, osati pakona pake, n'kupempha kuti amuphunzitse mmene cholakwa chimakonzedwera m'mabuku, kuyambira pachiyambi. Azakhali anamuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti safunsa anadya phula, koma uyu wadya ndi njuchi zomwe. Kenako anamuphunzitsa. Cholakwika chimatsala pamene chili. Chimadulidwa mzere, cholondola chimalembedwa m'munsi pamodzi ndi chifukwa chake ndi dzina la wokonzayo, kuti wobwera mawa aone njira yonse imene munthu wayenda. Malonda obwezedwa safufutidwa, amalembedwa kachiwiri mobweza. Anamuuzanso kuti mizere yofiira ikachuluka pamalo amodzi, ndi pamene bizinesi ikudwala, ndipo iwo ankadziwira pamenepo kuti telala akusokera abale ake ulere kapena kuti wowotcherera wayambanso kusakaniza za kunyumba ndi za kuntchito. Anayankhula mpaka madzi a m'ketulo anatha, dzanja lija likunjenjemera m'mwamba poloza uku ndi uku, mwini wake ataliiwala. Koma Chidule atanena kuti akonza, nkhope yawo inagwanso. Anati anthu akazolowera chofewa sabwerera ku cholimba, komanso mwana wawo wapempha kale tchuthi kuntchito.

Mantha amenewo Chidule nayenso anali nawo. Kuchotsa batani limene anthu amalikonda kuposa onse ndi chinthu chimene wolemba mapulogalamu wanzeru zake sachita, ndipo mnzake wina wa ntchito yomweyo atamuuza anamufunsa ngati mutu ukuyenda bwino. Anachotsabe. M'malo mwa kabini anaika batani lakuti "Ndalakwitsa". Munthu akalidina, cholembedwacho chinkasanduka chachikasu n'kumadikira. Sichinkachoka, ndipo mwezi sunkatsekeka chikadali chachikasu. Wokhala kutali ankatha kujambula mawu ofotokoza n'kutumiza. Koma wodula mzere anali akauntanti yekha, pokoka chala pa tabuleti kuchokera kumanzere kupita kumanja. Kabini kaja anakaika masana amodzi, koma ichi chinamudyera milungu, chifukwa anayenera kuphwasula maziko enieni a pulogalamuyo, amene anawamanga mothamanga. Anamaliza madzulo oti mawa lake namwino afika, n'kutumiza kusinthako ku mafoni onse.

Namwino anafika m'mawa ndi mtolo wa makatoni opinda ndi tepi yomatira, ndipo Chidule anamuchingamira pamsewu n'kumulandira katunduyo. Pamasitepe analephera kulowa. Anthu anali atandandana kuchokera pansi mpaka pamwamba, ndipo palibe ankaseka. Mayi wa nsapato atamuona Chidule anamulozera anzake kuti wakuba bini uja ndi uyu. Wowotcherera anati foni yake yonse yachita chikasu ngati yadwala. Wina ananena mosabisa kuti iye wachotsa kale pulogalamuyo, wabwerera ku kabuku kake, ndipo wabwera kudzangonena zimenezo basi. Walira mvula walira matope. Chidule anapepesa uku ndi uku, makatoni ali pamutu, akudzipanikiza kukhoma mpaka anafika pamwamba, msuweni wake ali pambuyo akumunong'oneza kuti sankadziwa kuti ndi wotchuka chonchi.

Mu ofesi benchi linali lodzaza. Azakhali anali kuseri kwa tebulo, magalasi ali pamphuno, akuuza anthu kuti pano si pamsika, aliyense adikire nthawi yake. Woyamba anali wometa. Anaika foni patebulo n'kuyamba kufotokoza za makina ake aja, kuti analembanso n'kufuna kufufuta, koma chinthucho chikungomuyang'ana chili chachikasu. Azakhali anamufunsa mafunso angapo, anamulongosolera kumene makina amalembedwa ndi kumene za m'thumba zimalembedwa, n'kumuuza kuti munthu wogwira mitu ya anthu tsiku lonse azigwiritsako ntchito wake womwe. Anthu anaseka, iyenso anaseka. Kenako Azakhali anakokera tabuleti pafupi n'kutambasula chala.

Onse ankalidziwa dzanjalo ndipo kwa miyezi ankayesetsa kusaliyang'ana. Chala chinatera pagalasi, chinayenda, chinagwedera, chinayendanso mpaka kumapeto. Mzere unatuluka wofiira, wokwera ndi kutsika, koma unadula cholakwikacho kuyambira koyambira mpaka kothera, ndipo manambala ankawerengekabe pansi pake. Nthawi yomweyo unaonekanso pa foni ya wometa. Chidule anachita manyazi, chifukwa pothamanga anaiwala kuikonza pulogalamuyo kuti iziwongola mzere. Anawerama n'kunong'ona kuti asadandaule, ndi ntchito yaing'ono, pofika masana mizere yonse izituluka ngati ya rula.

Azakhali anauyang'ana mzerewo nthawi yaitali. Anayang'ananso wometa, amene anali atanyamula foni yake akumuonetsa telala monyadira.

"Usauwongole," anatero. "Aziona kuti wadula ndi munthu." Kenako anakweza mawu. "Wotsatira."

Namwino anali ataima pakhomo nthawi yonseyi, tepi ili m'manja, maso ali pa dzanja la mayi ake, osati pa tabuleti. Atadutsa anthu angapo, anapita kukawerama pambali pawo n'kufunsa motsitsa ngati silikupweteka. Azakhali anati likungonjenjemera, silinakane ntchito, ndipo ngati wabwera kudzathandiza amupezere telala pokhala, poti waima kalekale. Namwino anayang'ana benchi, anayang'ana msuweni wake, ndipo m'maso mwake munali misozi imene akanaikana ngakhale pamaso pa woweruza. Anatenga makatoni opinda aja n'kuwasanjikiza pakona, telala n'kukhalapo.

Sikuti anagonja kwathunthu. Ndi mwana wa mayi ake. Anapita kwa wowotcherera, amene ankadikirabe ndi foni yake yachikasu, n'kumuuza kuti akufuna chitsulo chogwirira m'mbali mwa masitepe, kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo chikhale chitaikidwa iye asanabwerere kwawo. Kenako anatsika kukayankhula ndi mwini nyumba za chaka chamawa. Podutsa pafupi ndi Chidule anamugunda ndi chigongono n'kumuuza kuti nkhani ya njinga ija sinathe.

Chidule anabwerera pakona pake n'kutsegula laputopu. Mauthenga okwiya ankalowabe, ena a anthu oti sadzabwereranso, ndipo zinamupweteka ndithu. Pakati pawo panali wa akauntanti wa kuseri kwa msika uja, wofunsa kuti batani latsopanoli limagwira bwanji ntchito, chifukwa ndi chimene iye wakhala akuchifuna. Asanayankhe, Azakhali anamuitana osadzutsa mutu, chala chili pagalasi chikudula mzere wina wokhota. Anati madzi a m'ketulo atha pamene anthu akadalipo ambiri, atsike akatunge, ndipo adzaze mpaka pakamwa.

Anatenga ketuloyo n'kutuluka, koma pamwamba pa masitepe anayenera kudikira kaye, chifukwa panali wina akukwera.